Kaliwo Wandigwira Mtima mu Mzinda wa Fodya

Munthu wokhala mu Lilongwe sachita kuuzidwa kuti msika wa fodya watsegulidwa. Malole osenza mabelo amayamba kundandalika m'mbali mwa msewu wa M1 cha ku Kanengo, ndipo mphepo ikaomba kuchokera kumafakitale, fungo la tsamba louma limalowa mpaka mu minibasi. Ine ndakulira m'fungo limeneli. Nazale ndimaidziwa, kuwokera ndinawokerapo, kusoka fodya ndi kumupachika m'chigafa ndinaziona ndili mwana, ndipo kulira kwa jeke ikamadinda belo kudakali m'makutu mwanga. Koma mbali imodzi ya fodya inali isanandifike. Chaka chino ndagwira kaliwo m'manja mwanga koyamba, ndipo kuchokera tsiku limenelo mtima wanga uli pa kanthu kameneka.

Amene anandionetsa ndi malume anga, omwe anagwira ntchito yosankha ndi kugula fodya kwa zaka zambiri asanapume. Amakhala ku Area 10, kumene nyumba zimatalikirana ndipo masana kumangomveka njiwa. Ndinapita kukawatulira uthenga wa kumudzi, n'kuwapeza pakhonde atayala kansalu patebulo. Pa kansaluko panali akaliwo angapo, machesi, msomali wa mutu waukulu ndi timawaya tokutidwa ndi thonje.

"Takhala apa, mphwanga," anatero. "Uthengawo uyambe wadikira. Tagwira uyu, undiuze ngati unaonapo mtengo wotere."

Ndinamulandira ndi manja awiri. Anali wopepuka kuposa mmene amaonekera, wofiirira, wosalala chifukwa chogwiridwa kwa zaka zambiri. Nditamutembenuzira ku dzuwa ndinaona mizere ya mtengo ikukwera mothithikana kuchokera pansi mpaka pamlomo pa mutu wake. Kunsi kwake mizere ija inathera m'timadontho tozungulira tambirimbiri. Palibe anajambula zimenezi. Mtengowo unakula choncho, ndipo mmisiri anangodziwa mbali yoyenera kuucheka kuti kukongolako kuonekere. Ndinati, "Malume, mtengo umenewu ndi wakuno?" Iwo anapukusa mutu, n'kuyamba kundifotokozera.

Chochokera m'nthaka

Mtengowo dzina lake ndi briar. Si thunthu kapena nthambi ayi, koma chotupa cholimba chomwe chimakula pakati pa mizu ndi tsinde la chitsamba chotchedwa Erica arborea. Chitsambachi chimamera m'mapiri ouma ozungulira nyanja ya Mediterranean, monga ku Corsica, Italy, Spain, Greece ndi Algeria. M'chotupamo ndi momwe chimasunga madzi ndi chakudya kuti chiphukenso chilala kapena moto wolusa ukadutsa. Pamatenga zaka 30 kapena kuposerapo kuti chotupacho chikule mokwanira. Akachifukula amachidula m'zidutswa, n'kuziwiritsa m'madzi kwa maola ambiri kuti utomoni wowawa uchoke, kenaka amaziumitsa pang'onopang'ono kwa miyezi, nthawi zina zaka. Mtengo wotere sugwira moto msanga, umayamwa chinyontho cha utsi, ndipo ndi wopepuka pakamwa. Tauni ya Saint-Claude ku France ndi yomwe inautchukitsa m'zaka za m'ma 1850, ndipo mpaka lero akaliwo ambiri padziko lapansi ndi a briar. Chinandisangalatsa ndi chakuti chitsamba chomwechi chimameranso m'mapiri aatali a ku Ethiopia ndi kum'mawa kwa Africa, ndipo zitsamba zina za mtundu wa Erica zili pa phiri la Mulanje ndi ku Nyika.

Kaliwo wachiwiri anali woyera mombuwirira, koma cha kukhosi kwake anali atayamba kusanduka wachikasu chopita ku khofi. Ameneyu si mtengo, ndi mwala wofewa wotchedwa meerschaum, womwe umakumbidwa kwambiri pafupi ndi mzinda wa Eskişehir ku Turkey. Ukakhala wonyowa umasemeka ndi mpeni. Ukauma umalimba, ndipo amaunyika mu phula la njuchi losungunula. Akamasutidwa, mafuta a fodya amalowa m'timabowo ta mwalawo, choncho mtundu wake umasintha chaka ndi chaka mpaka kufika pofiirira. Mwini wake amawerengera zaka za kaliwoyo pa mtundu umenewo. Mwala wamtunduwu unkakumbidwanso kufupi ndi ife, ku nyanja ya Amboseli m'malire a Tanzania ndi Kenya, ndipo kampani ya Tanganyika Meerschaum Corporation ya ku Arusha inkapanga nawo akaliwo otchedwa Kiko, omwe anagulitsidwa m'maiko ambiri.

Wachitatu ndi amene anandidzidzimutsa kwenikweni. Nditamuyang'anitsitsa ndinazindikira timaenje momwe munakhala maso a chimanga. Chinali chitsononkho! Chinthu chomwe kwathu timasonkhera moto tikamaliza kutonongola, ku America chinasanduka bizinezi yokhalitsa. Mu 1869 mmisiri wa matabwa wina, Henry Tibbe, anayamba kupanga akaliwo a zitsononkho m'tauni ya Washington m'chigawo cha Missouri, ndipo kampani yomwe inatuluka pamenepo, Missouri Meerschaum, ikupangabe mpaka pano. Amalima chimanga cha zitsononkho zikuluzikulu, amaziumitsa kwa nthawi yaitali, amaziboola, n'kumata kunja kwake kuti zisapse. Ndi wotsika mtengo, sachedwa kuzolowereka, ndipo osuta odziwa samunyoza.

Malume anandiuzanso za kaliwo wa chipanda, wokhota khosi, yemwe anachokera ku South Africa n'kutchuka ku Ulaya pa nthawi ya nkhondo ya Maburu ndi Angerezi ya 1899 mpaka 1902. Mlimi amakhotetsa khosi la chipanda chikadali chanthete m'munda, kenaka mmisiri amadula n'kuikamo kamutu koyatsiramo fodya. Mphako ya chipandacho imaziziritsa utsi usanafike pakamwa. Ndipo potsiriza anatulutsa m'kabokosi kaliwo wa dongo, wakuda bii, wa mpini wa bango, yemwe anali wa bambo awo, agogo anga. Dongo, chitsononkho, chipanda, bango: zonsezi ndi zinthu za pakhomo pathu. Pamenepo ndi pomwe ndinaona kuti kaliwo si chinthu cha azungu okha. Ndi luso lomwe anthu a mbali zonse anagwirapo, ife tili momwemo.

Kusamala n'kumene kuli mwini wake

Ndinkayang'ana manja a malume akamayeretsa. Anadikira kaliwo aziziretu, kenaka anapotoza pang'onopang'ono mbali yoluma ya kaliwoyo mpaka inasolola. Anati ukazula kaliwo ali wotentha, polumikizira pamakhwepa kapena khosi limang'aluka, chifukwa mtengo ndi labala sizifutukuka mofanana zikatentha. Anatenga kawaya ka thonje, n'kukalowetsa m'njira ya utsi. Kanalowa koyera, kanatuluka kofiirira. Anabwereza ndi kena mpaka kanatuluka koyera. Phulusa analikhutula pomenya mutu wa kaliwo pachikhatho, osati pa simenti kapena pa chidendene cha nsapato, chifukwa akaliwo ambiri amathyokera pamenepo.

Mkati mwa mutu wa briar munali khoma lakuda lopyapyala. Ndimaganiza kuti alipala lonse, koma anangolisalaza ndi kampeni kobuntha nsonga. Khoma limenelo ndi makala a fodya omwe amamatirira pakapita nthawi, ndipo ndi omwe amateteza mtengo kuti usapse. Liyenera kukhala lokhuthala milimita imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Likakhuthala kwambiri limatha kung'ambitsa mutuwo. Pachifukwa chimenechi kaliwo watsopano samuthamangira. Monga mmene amayi amayambira aphikamo gaga mu mphika watsopano kuti ukhwime usanaone ndiwo, kaliwo wa briar amayamba wasutidwa modekha, ambiri amayamba ndi fodya wosadzaza, mpaka khoma lija litamera. Koma meerschaum safuna khoma limeneli. Iye amapukutidwa mkati nthawi zonse, sagwiridwa ndi manja amafuta, ndipo akagwa pansi amasweka.

Kaliwo amafunanso kupuma. Akasutidwa lero, mawa agone kuti chinyontho chiume, apo ayi amayamba kuwawa ndi kununkha. N'chifukwa chake osuta amakhala ndi akaliwo angapo osinthanitsa. Amene wawawa kale amamudzaza mchere wamiyala, kudonthezamo mowa woyera waukali pang'ono, n'kumusiya usiku wonse. M'mawa mchere umapezeka utafiira ndi zonyansa zomwe watulutsa. Mowawo usakhudze kunja, chifukwa umasukulutsa mtundu. Mbali yoluma nayo ili ndi zake. Yambiri imapangidwa ndi labala wakuda wolimba wotchedwa vulcanite, yemwe amakoma kumano koma amadana ndi dzuwa: ukamuiwala pawindo m'mwezi wa Okutobala amasanduka wobiriwira mombuwirira, n'kuyamba kuwawa pamlomo. Mankhwala ake ndi kumupukuta ukamaliza, kumupaka kadontho ka mafuta, ndi kumusunga pamthunzi. Ya acrylic sisintha mtundu, kungoti ndi youma kumano.

Nyengo ya Lilongwe imapatsanso ntchito wosunga fodya. Kuyambira m'nyengo yozizira mpaka m'chilimwe mpweya umakhala wouma, fodya amafumbutuka n'kumayaka mwaukali. Dzinja likafika amayamwa chinyontho, amavuta kuyaka, ndipo akhoza kuchita nguwi. Malume amasunga wawo m'mabotolo a galasi otseka bwino. Anatsina pang'ono ndi zala zitatu, n'kutsegula: fodyayo anagwirana kamphindi, kenaka anamasuka yekha. "Akatere ndiye ali bwino, mphwanga," anatero. Ndi nzeru yomweyo yomwe mlimi wa bale ali nayo, amene amadziwa kuti fodya wa m'chigafa amagwiridwa mbandakucha akadali wofewa, osati masana atauma gwa.

Kuthira fodya kuli ndi dongosolo lake. Woyamba amangomugwetsera mopepuka, wachiwiri amamusindikiza pang'ono, wachitatu molimbirako, kenaka amayesa kukoka asanayatse kuti amve ngati mpweya ukudutsa bwino. Amakhwatcha machesi, kudikira fungo la mutu wa machesiwo lithe, n'kuzunguliza lawi pamwamba ponse. Fodya amatukumuka, amamubweza ndi mutu wa msomali uja, n'kuyatsanso. Kuyambira pamenepo ndi kupuma pang'onopang'ono, utsi uli m'kamwa mokha. Ukafulumira mutu umatentha mpaka osagwirika, ndipo lilime limapsa. Akazima, umangoyatsanso popanda manyazi. Atandipatsa wa chitsononkho kuti ndiyese, ndinamva kaye kuwawa kwa utsi, koma nditadekha munabwera kakomedwe ka mtedza wokazinga ndi fungo la nkhuni. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kaliwo amaphunzitsa zomwezo ndi manja.

Tsamba lathu m'zitini za kutali

Chomwe chinandimanga kwambiri ndi kachitini kena komwe malume anatsegula. Munali fodya wodindidwa n'kudulidwa m'timapepala takuda, wonunkhira utsi wa nkhuni. Anapangidwa ku Kendal, kumpoto kwa England, kumene kampani ya Gawith Hoggarth imasakaniza fodya wa kaliwo ndi makina akalekale. Mwa masamba omwe amagwiritsa ntchito muli chikopa cha ku Malawi, fodya wakuda uja yemwe alimi athu amamuumitsa ndi utsi wa moto wonyeka pang'onopang'ono. Ndinanunkhiza, ndipo linali fungo lomwe ndimalidziwa kuchokera ku ubwana. Tsamba linachoka m'minda ya kuno, linadutsa pa okushoni, linawoloka nyanja, ndipo linabwerera m'chitini lili ndi dzina lina ndi mtengo wina.

Osakaniza fodya wa kaliwo amadziwa khalidwe la tsamba lililonse. Virginia, wouma ndi kutentha kwa mapaipi mu balani, ali ndi shuga wambiri, amatsekemera koma amayaka motentha. Bale, yemwe dziko lathu lili m'gulu la maiko omulima kwambiri padziko lonse, ali ndi shuga wochepa, amayaka modekha, ndipo amayamwa bwino zonunkhiritsa. Chikopa chimapereka mphamvu ndi fungo la moto. Palinso Latakia, wofukizidwa ndi utsi, yemwe anayambira ku Syria ndipo tsopano amapangidwa kwambiri ku Cyprus, ndi Perique wa ku St James Parish m'chigawo cha Louisiana, yemwe amapanikizidwa m'migolo kwa miyezi yambiri. Pa mitundu isanu imeneyi, itatu imalimidwa konkuno.

Ndipo mzinda wathu uno unakula ndi tsamba lomweli. Malawi anayamba kutumiza fodya kunja mu 1893, ndipo kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale yake ku Limbe mu 1908. Koma chigawo chapakati chinadzuka mu 1920, pamene A. F. Barron ndi R. W. Wallace anayamba ulimi ku Mbabzi, kufupi ndi Lilongwe, n'kumapereka mbewu ya chikopa kwa alimi a m'midzi ndi kuwagula fodyayo. Alimi anachuluka mofulumira mpaka boma la atsamunda linakhazikitsa Native Tobacco Board mu 1926 kuti liziwalamulira. Wambiri mwa fodya wakudayo ankapita ku Britain, kumene akaliwo anali pakamwa pa amuna ochuluka. Ndalama za fodya ameneyo ndi zomwe zinakokera amalonda ku kaboma kakang'ono ka m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, komwe lero timati Old Town, kalekale mzindawu usanakhale likulu la dziko mu 1975. Tinganene mosakayika kuti akaliwo a ku Britain anathandiza kumanga misewu yomwe timayendamo.

Kufunafuna mu Old Town

Chidwi chinandiyendetsa. Ndinatsika ku msika waukulu, n'kuyenda m'mbali mwa msewu wa Malangalanga ndikufunsa. Ndudu zili pa benchi iliyonse, zogulitsa imodziimodzi. Fodya wachikuda ndinamupeza kwa amayi ena achikulire, wopota ndi wopera wa m'mphuno, ndipo pondiyezera anandikumbutsa mwambi uja woti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Nditawafunsa za kaliwo anati, "Mwanawe, amenewo ankasuta ndi azibambo athu. Masiku ano ufufuze kumudzi." M'mawu awo munali ulemu womwe anthu amapereka ku chinthu cha makolo.

Ndinapitanso kwa osema ziboliboli pafupi ndi positi ofesi ya Old Town. Manja omwe amasema njovu ya phingo ndi mipando ya mafumu sangalephere kaliwo. Ndinakhala pansi ndi mmisiri wina n'kumuonetsa wa briar yemwe malume anandibwereka. Anamuzunguza, anasuzumira m'kati, ndipo anaona yekha chinsinsi chake: kabowo ka utsi kayenera kutulukira pansi penipeni pa mutu, pakati, apo ayi fodya wapansi sayaka ndipo madzi amadikha. Chofunika kusamala ndi mtengo. Si mtengo uliwonse womwe ungapirire moto kapena woyenera kuikidwa pakamwa. Ina ili ndi utomoni woyabwa kapena wapoizoni, ndipo vanishi ndi polishi ya nsapato siziyenera kufika pamene pali moto. Kumaiko ena, kupatula briar, amasema akaliwo ndi mitengo ya zipatso monga cherry, peyala wa kozizira ndi azitona. Dongo labwino, chipanda ndi chitsononkho tili nazo kale zambiri.

Ku City Centre ndinayamba kuona zomwe kale ndinkangozidutsa. Nthawi ya nkhomaliro, kuseri kwa maofesi, munthu amayatsa ndudu, kukoka mothamanga, kutaya kachidutswa pansi n'kuthamangira pa desiki. Kaliwo salola moyo wotere. Mutu umodzi umatenga theka la ola kapena kuposerapo, ndipo pambuyo pake pali kuyeretsa. Chinthucho sichitayidwa, chimakonzedwa, chimakalamba ndi mwini wake, ndipo chimasiyidwira ana. Makampani monga Peterson ya ku Dublin, yomwe mbiri yake imayambira mu 1865, ndi Savinelli ya ku Italy, ya mu 1876, ali ndi akaliwo omwe adutsa m'manja mwa mibadwo itatu akugwirabe ntchito. M'dziko lomwe zinthu zambiri timagula lero n'kutaya mawa, chimenechi chinandikhudza.

Chomwe sindingabise

Chikondi changa pa kaliwo sichikunditseka maso. Utsi wa fodya ndi woopsa, kaya uchokere mu ndudu kaya mu briar wokongola chotani. Kusameza utsi sikuchotsa ngozi: kaliwo amabweretsa khansa ya m'kamwa, ya pamlomo, ya pakhosi ndi ya kum'mero, amawononga nkhama ndi mtima, ndipo nikotini amamanga munthu chimodzimodzi. Okhala pafupi nawonso amapuma utsiwo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo mu 2023 dziko la Malawi linavomereza pangano la bungweli lolimbana ndi kusuta. Malume eni ake sayatsa m'nyumba kapena pamene pali adzukulu, ndipo anandiuza mosapsatira kuti, "Mphwanga, ukonde mtengowu, ukonde ntchito ya manjayi, koma utsiwu usakulowe m'magazi." Mawu amenewo ndawasunga. Nthawi yanga yambiri ndi akaliwo imathera pa kuwayeretsa, kuwapukuta ndi kuphunzira kumene anachokera.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ngati m'sutikesi ya malemu agogo kapena pa denga la nyumba ya kumudzi muli kaliwo wakale, wa dongo kaya wa mtengo, musamutaye ndipo musamupatse ana kuti aziseweretsa. Mupukuteni, musungeni pouma, ndipo funsani akuluakulu omwe atsala kuti anaumba kapena kusema ndani, dongo linachokera dambo liti, ndipo ankasutiramo fodya wanji. Amisiri athu osema ndi oumba aphunzire kapangidwe kake moyenera, chifukwa osonkhanitsa akaliwo alipo padziko lonse ndipo amalemekeza ntchito ya manja. Achinyamata omwe simunayambe kusuta, musayambe chifukwa cha nkhani ino. Koma tonse amene tikukhala mu mzinda womangidwa ndi fodya tiyenera kuidziwa mbiri ya tsamba lathu mpaka kumapeto kwake, ndipo kaliwo ndi gawo la mbiri imeneyo.